Ku Dar es Salaam basi ili ndi msewu wakewake, ife tikungowonjezera phula

Inu amene mumapita ku Kariakoo kukaoda katundu, bwanji mukabwera mumangotiuza za nsalu ndi nsapato, osatiuza za mabasi aja eni ake amawatchula kuti mwendokasi? Ine ndawakwera pa ulendo wanga waposachedwapa, ndipo chibwerereni mtima sukukhala m'malo ndikaima pa mzere wa magalimoto mu Lilongwe.

A ku Tanzania anatenga pakati penipeni pa Morogoro Road, msewu waukulu wolowera mumzinda, n'kupatula mizere iwiri, kuitchinga ndi konkire, n'kunena kuti muno muzidutsa mabasi akuluakulu okha. Gawo loyamba ndi la makilomita pafupifupi 21, kuchokera ku Kimara kudzera pa Ubungo ndi Magomeni mpaka ku Kivukoni, ndipo lili ndi nthambi zopita ku madera a Morocco ndi Gerezani mumzinda momwemo. Linayamba kugwira ntchito mu 2016, ndi thandizo la ngongole ya World Bank. Siteji ili pakati pa msewu. Umalipira usanalowe, choncho palibe kondakitala woti mulimbane naye za chenji. Pansi pa siteji m'pofanana msinkhu ndi pansi pa basi, moti gogo sakweza mwendo, amangolowa. Zitseko zonse zimatseguka pamodzi, anthu atsika, ena akwera, basi yanyamuka. Siidikira kudzaza.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndinachiona pawindo titadutsa Ubungo cham'mawa. Mbali ya magalimoto wamba zonse zinali zitaima nji! Bambo wina ali yekhayekha mu Prado yonyezimira, dzanja lili patsaya. Mkati mwa basi yathu munali amayi a mabeseni, ana asukulu, anyamata a zikwama za zipangizo kumsana, tonse tikumudutsa bamboyo liwiro lili lonse. Kwathu kuno zoterezi sizichitika. Wosauka ndi wolemera amaima pa mzere umodzi, koma wolemerayo ali ndi mpweya wozizira ndi nyimbo, pamene wosauka wapanikizika pampando wa minibasi thukuta lili kamukamu.

Sindikunyoza zimene zachitika mu Lilongwe. Mlatho wodutsana wa pa Area 18 unathandiza, ndipo amene ankadutsa pa raundabauti yakale ija akudziwa mmene zinkakhalira. Kenyatta Drive ya mizere 6 ndi yokongola zedi. Mlatho wa pa mtsinje wa Lilongwe, umene anathandiza a ku Japan, unkafunika kalekale. Koma pa mizere yonseyo, ndi uti umene wapatsidwa kwa munthu wopanda galimoto? Palibe ngakhale umodzi. Minibasi yonyamula anthu odzaza kuchokera ku Area 25 imathithikana pamodzi ndi kagalimoto konyamula munthu mmodzi ndi foni yake. Chonsecho anthu ochuluka mumzindamu alibe galimoto, amayenda pansi, pa kabaza, pa minibasi ndi pa Sienta.

Ndipo msewu ukakula sukhala wopanda kanthu nthawi yaitali. Amene ankaopa jamu n'kumasiya galimoto kunyumba amayamba kuitulutsa. Amene ankalawirira m'bandakucha amabwerera ku nthawi yothithikana ija. Wina amaona kuti tsopano angathe kumanga kutali ndi tauni n'kumayendera galimoto tsiku lililonse. Pakapita zaka zochepa mizere yatsopano ija yadzaza, ndipo jamu yangosunthira pa maloboti kapena pa raundabauti yotsatira. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito a ku Japan akulowabe pa Songwe tsiku ndi tsiku, ochuluka atatsikira padoko la Dar lomwelo. Phula lathu silingathamange kuposa iwo.

Abale athu a ku Zambia anatenga njira yomweyi, kungoti iwo anachita mokulirapo. Lusaka inamanga milatho yam'mwamba pa Makeni, Arcades, Munali ndi Longacres kudzera mu kampani ya ku India ya Afcons. Ndi yooneka bwino, ndipo pamalo pomwe ilipo pamayendeka. Koma kalowe pakati pa tauni madzulo, kufupi ndi Cairo Road kapena Lumumba Road, ukaone ngati minibasi yapeza podutsa. Mizinda yathu ikuchita zimene amachita masamba a mchezo pa intaneti. Snapchat inayambitsa zithunzi zofufutika pakatha maola 24, Instagram inatengera mu 2016, kenako mu 2017 WhatsApp inabweretsa Status, Facebook nayonso Stories. Lero ukajambula jamu ya pa M1 umaika chithunzi chomwecho malo atatu, ochiona ndi anthu omwewo, ndipo palibe chatsopano chimene wapeza pa tsamba lachiwiri ndi lachitatu. Ndi mmenenso zilili ndi milatho ndi mizere yowonjezera: aliyense akutengera za mnzake chifukwa zimaoneka bwino pa chithunzi. Dar inamanganso milatho, wa Mfugale pa mphambano ya TAZARA mu 2018 ndi wa Kijazi pa Ubungo mu 2021, koma inayamba yapatsa basi njira yake.

Ndisakunamizeni kuti kumeneko n'kumwamba. Pa nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito mabasi amachepa, anthu amadzaza pasiteji mpaka kukankhana, ndipo mkati mumapanikizana moti thumba lako uyenera kuligwira ndi manja awiri. Eni ake amadandaula kwambiri, ndipo akunena zoona. Mvula ikagwa yambiri, chigwa cha Jangwani chimasefukira, njira n'kutsekeka, chonsecho depoti ya mabasiwo anaimanga m'chigwa momwemo. Ma daladala, minibasi za kumeneko, akadali mbwee, ndipo m'misewu ina jamu ya ku Dar ndi yoopsa kuposa yathu kutalitali. Koma taonani kusiyana kwa madandaulo. Iwo akulira kuti muwonjezere mabasi mu njira imene ilipo kale. Ife tilibe n'komwe njira yoti tiidandaulire.

Wina anena kuti Dar ndi mzinda wa anthu oposa 5 miliyoni, pamene Lilongwe pa kalembera wa 2018 inali isanakwane 1 miliyoni, ndiye tisadziyerekeze. Ine ndikuti m'pomwe pali mwayi wathu. Malo a msewu tatsegula kale, nyumba zoti zigwetsedwe zinagwetsedwa kale, chipukuta misozi chinalipidwa. Kupatula mzere umodzi mbali iliyonse lero n'kotchipa kusiyana ndi kudzagumula tauni anthu atachuluka kawiri. Ku Blantyre ndiye zili poyera: Masauko Chipembere Highway ndi njira imodzi yowongoka yolumikiza Blantyre ndi Limbe, yodutsa pa Ginnery Corner, pa Chichiri ndi pa Maselema, pomwe pali chipatala chachikulu, sukulu zaukachenjede, bwalo la mpira ndi mafakitale. Basi yayikulu si yachilendo kwa ife. Akuluakulu akukumbukira mabasi a m'tauni a makampani a United Transport Malawi (UTM) ndi Stagecoach, amene anali ndi siteji zake zodziwika.

Za madalaivala a minibasi, makondakitala ndi oitanira, sindikufuna kuti alandidwe nsima pakamwa. Dalaivala amaima paliponse chifukwa mwini galimoto akudikira ndalama yake madzulo, osati chifukwa ndi wamisala. Ku Johannesburg atayambitsa mabasi a Rea Vaya mu 2009, eni ma taxi, amene ndi minibasi za kumeneko, anapatsidwa masheya mu kampani yoyendetsa mabasiwo. Nafenso tiyambe ndi kukhala pansi ndi eni minibasi, tigwirizane njira imodzi yoyesera, kuchokera ku Kanengo kudzera pa Area 18 mpaka kudepoti, ndipo mzere wa basiwo utchingidwe ndi konkire, chifukwa penti yokha madalaivala athu sangailemekeze.