Ana inu, Windows yobwera ndi kompyuta simusamuka nayo!

Sabata yathayi mwana wa mnansi wanga anafika kwathu nkhope ili gwaa. Magetsi atabwerera mwamphamvu usiku anamuwotchera motherboard, bolodi lalikulu lolumikiza zida zonse za m'kompyuta, ndiye anakagula ya mtundu wina m'tauni, mnyamata wina n'kumuikira. Poyatsa, pakona pa sikirini pangoti "Activate Windows", kutanthauza kuti laisensi yake sikugwiranso ntchito. Akuti, "Agogo, komatu ndinagula ndi Windows yake yomwe!" Ndinapsa mtima, chifukwa nkhani imeneyi ndatopa nayo kuimva.

Kodi mumagula bwanji chinthu cha ndalama zambiri chotere osafunsa kuti laisensi yake ndi yamtundu wanji? Mtundu wa kompyuta mufunsa, kukula kwa RAM mufunsa, chikwama chonyamulira mukanganirana mpaka thukuta, koma za laisensi zii. Safunsa anadya phula!

Windows imene mumaipeza ali ataikamo kale a HP, Dell kapena Lenovo imatchedwa OEM, ndipo imamangiriridwa ku makina oyambawo. Kuyambira pa Windows 8, mu 2012, nambala ya laisensiyo amaibisa mu motherboard momwemo, si ija ya pa kapepala komata kunsi. Motherboard ikafa, inu n'kuika yamtundu wina, kwa Microsoft imeneyo ndi kompyuta yatsopano. Mungapulumuke pokhapokha ngati yoikidwayo ndi yofanana ndi yakale, monga amachitira opanga makinawo pa waranti. Laisensi ya OEM ili ngati penti wapakhoma: posamuka nyumba simumunyamula. Ikavuta, thandizo mukalifune kwa amene anapanga kompyutayo. Nanga laputopu yakaunjika yodutsa m'manja mwa azungu angapo ku Britain, waranti yake mukaipeza kuti?

Ya retail, yogula payokha, ndi yanuyanu. Mutha kuichotsa pa makina akale n'kuiika pa atsopano, bola igwire pa kompyuta imodzi nthawi imodzi. Inde ndi yodula, Windows 11 Home ndi madola 139 ndipo Pro ndi madola 199, ndipo sindikunena kuti aliyense athamangire kukagula. Wongolemba makalata pa laputopu yake, OEM imukwanira. Koma iwe womanga wekha kompyuta, wosinthasintha zida chaka ndi chaka, ukuumira chiyani?

Chondinyansa kwambiri ndi chimene mumachita zikakuvutani. Mumathamangira kwa munthu wa pa WhatsApp wogulitsa "key", nambala ya laisensi ija, pa mtengo wa fanta ziwiri. Simudabwa? Chinthu cha madola oposa 100 wachitenga kuti kuti akugulitseni motchipa chonchi? Zambiri ndi nambala za makampani ndi masukulu, zosaloledwa kugulitsa kwa munthu wamba, ndipo tsiku lina zimangotsekedwa. Zina ndi za KMS, njira yotsegulira Windows pa makompyuta ambiri a kampani, zofuna kutsimikizidwanso pakatha masiku 180. Ena mumalola mnyamata wa pashopu kulowetsa flash yake, kuzimitsa antivirus, n'kuika crack, pulogalamu yotsegula Windows mwakuba. M'kompyuta momwemo ndi momwe mumatsegulira akaunti ya kubanki, momwemo muli malipoti a kuntchito ndi zithunzi za ana anu. Mbava mwaitsegulira chitseko nokha, mawa muzidzalira kuti mwalodzedwa?

Ndiye pali awa akugulabe makina akale a Windows 10 mosangalala, chonsecho Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa yatsopanoko, ndipo ambiri mwa makina amenewa sakwanitsa. Laisensi yake ya OEM idzafera momwemo pamodzi ndi makinawo.

Musanapereke ndalama, tsegulani Command Prompt, pulogalamu ya mu Windows yolembamo malamulo, lembani slmgr /dli, muone ngati palembedwa OEM, RETAIL kapena VOLUME. Mukaona VOLUME, ija ya makampani ndi masukulu, pa makina ogulitsidwa kwa munthu wamba, bwezani ndalama m'thumba. Wogulitsa akakana kuti muone, tulukani. Zimenezinso mpaka tichite kukugwirani dzanja? Mwakulatu inu!