Zomwe tikusowa za nthawi ya Kamuzu, ndi zomwe sitiyenera kupemphanso

Mawu akuti "nthawi ya Kamuzu zinthu zinali bwino" ali ponseponse masiku ano. Mumawamva pamzere wa mafuta, pamaliro, m'minibasi, ndipo chomwe chikundidetsa nkhawa n'chakuti tsopano akutuluka m'kamwa mwa achinyamata omwe anabadwa Kamuzu atamwalira kale mu 1997. Ena afika ponena kuti dziko lino likufunika mtsogoleri wa chikwapu kuti liwongoke. Ndanyamula nkhaniyi mumtima kwa nthawi yaitali, lero ndiloleni ndinenepo.

Makolo athu akamatero sakunama, ndipo si ukalamba ukuwayankhulitsa. Pali zinthu zenizeni zomwe anaziona ndi maso, lero kulibe. M'madera ambiri msika wa ADMARC, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1971, unali pamtunda woti mayi asenze dengu la mtedza m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanafike paliwombo. Sikelo inalipo, ndalama zinalipo, ndipo Januwale ndi Febuluwale akafika, chimanga chinkagulitsidwa pomwepo. Mlangizi ankafika m'munda pa njinga kudzaona mizere ndi kabzalidwe. Makalabu a alimi ankatenga feteleza pangongole n'kubweza akakolola. Basi ya kampani ya United Transport Malawi (UTM) inali ndi nthawi yake. Anthu a PWD, nthambi ya boma yokonza misewu, ankakwirira maenje mumsewu asanakule. Fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre inkadyetsa mabanja masauzande. Phiri la Ndirande linali ndi mitengo, nkhalango ya Chikangawa inali yobiriwira kufika komwe diso limalekezera.

Ndiye munthu amene anaona zimenezo aone lero: thumba la feteleza lodutsa K100,000, kwacha yomwe inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mabiliyoni omwe anatuluka ku Capital Hill mu Cashgate ya 2013, kuchipatala kuuzidwa kuti mankhwala mukagule ku famase. Angapande bwanji kulira zakale? Ine sindimudzudzula.

Chomwe ndikukana ndi kukumbukira kwa mbali imodzi. Tikawerenga zabwino, tiwerengenso amene anazilipira.

Tiyambe ndi ADMARC yemweyo. Inkagula mbewu za mlimi wamba pamtengo wotsika n'kukagulitsa kunja pamtengo wabwino, ndipo phindu lalikulu linkapita kukatukula maesiteti ndi makampani ngati Press Holdings, omwe mwini wake anali Kamuzu. Malamulo sankalola mlimi wa m'mudzi kulima fodya wa burley. Fodya wa ndalama ameneyu anali wa eni maesiteti mpaka cha m'ma 1990. Wosauka akafuna kumugwira, ankapita kukakhala tenanti ku Kasungu kapena ku Mchinji, n'kubwerako kumapeto kwa chaka ngongole ya ufa itadya malipiro ake. Ambiri a ife tili ndi agogo kapena amalume omwe anadutsa njira imeneyo. Afunseni iwowo ngati zinali bwino.

Nkhani ya ana ndiyo imandipweteka kwambiri, chifukwa siitchulidwa konse anthu akamatamanda zakale. Kafukufuku wa za umoyo wa 1992 anapeza kuti mwa ana 1,000 obadwa, 234 ankamwalira asanakwanitse zaka zisanu. Ndiye kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa anayi alionse. Kafukufuku ngati yemweyo wa 2015 ndi 2016 anapeza 63. Khalani pansi ndi agogo anu aakazi, muwafunse kuti anabereka ana angati ndipo anakula angati. Mudzamva maina omwe simunawamvepo. Chikuku, kutsegula m'mimba, malungo ndi kunyentchera zinkatenga ana m'midzi mwakachetechete, ndipo wailesi sinkanena. Mayi wa lero amavutika, inde, koma mwayi woti mwana wake akula ndi waukulu kwambiri kuposa womwe amayi ake anali nawo. Zimenezi si zazing'ono.

Sukulu nazo chimodzimodzi. Amati maphunziro anali apamwamba, mwana wa Sitandade 8 ankalemba kalata ya Chingerezi yomveka. Zoona. Koma pamene fizi ya kupulaimale inathetsedwa mu 1994, ana oposa miliyoni imodzi analowa m'kalasi chaka chimodzi chokha. Ana amenewo sanagwe kumwamba. Analipo kale, akuweta mbuzi, akulera azing'ono awo, chifukwa makolo analibe ndalama ya fizi ndi yunifolomu. Kuti boma linathamanga, linalemba aphunzitsi osaphunzitsidwa mokwanira, ana n'kumaphunzirira pansi pa mtengo, ndikuvomereza, ndipo chilondacho sichinapole mpaka lero. Koma sukulu yabwino ya ana ochepa sitingaitche chitukuko cha onse. Tisaiwalenso kuti mu 1966 tinali anthu pafupifupi 4 miliyoni, mu 1987 pafupifupi 8 miliyoni, mu 2018 tinapyola 17 miliyoni, pa nthaka yomweyo.

Tsopano za mantha. Inu achinyamata amene mukupempha chikwapu, mukudziwa kuti chikwapu sichisankha msana? Khadi la chipani cha MCP linali chiphaso cholowera pamsika ndi kukwera basi, ayufi ataima pageti. A Mboni za Yehova analetsedwa mu 1967 chifukwa chokana kugula khadilo, ndipo mu 1972 anamenyedwa, kuwotcheredwa nyumba, masauzande n'kuthawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, ngati kuti Chitipa ndi Nsanje si dziko limodzi. Mu Meyi 1983 nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anaphedwa ku Thambani ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. Amenewa anali akuluakulu a chipani cholamula chomwecho. A Orton Chirwa, amene anali mtsogoleri woyamba wa chipanicho, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Kundende ya Mikuyu kunali anthu omwe anakhala zaka osaonekera kukhoti, ena chifukwa choti mnzawo wa kuntchito anawanenera zabodza pofuna udindo wawo. Munthu ankaopa mlamu wake, ankaopa woyandikana naye nyumba. Bata lomwe tikulisirira lija, gawo lina linali limeneli.

Ndipo amati kunalibe katangale, kunalibe njala. Wailesi inali imodzi, ya MBC, kanema anabwera mu 1999. Akanatiuza ndani? Umbava wa pamsewu unalidi wochepa, pamenepo sinditsutsa. Koma kusamva nkhani yoipa sikutanthauza kuti kunalibe.

Umboni womwe umandikhutiritsa kwambiri ndi wa anthu omwe ankaidziwa bwino nthawiyo kuposa tonsefe. Maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo yodzudzula boma pa 8 Marichi 1992, a Chakufwa Chihana, omenyera ufulu wa zipani zambiri, atamangidwa pabwalo la ndege mwezi wotsatira, Amalawi anafunsidwa pa 14 Juni 1993 kuti asankhe pakati pa tambala wakuda (chipani chimodzi) ndi nyali (zipani zambiri). Pafupifupi awiri mwa atatu alionse anasankha nyali. Amenewa ndi anthu omwe ankagulitsa ku ADMARC, omwe ankakwera UTM, omwe ankadziwa mtengo wa buledi wa nthawiyo. Anaika zonse pasikelo, n'kunena kuti zakwana. Ambiri a m'chigawo chapakati anavotera tambala, ndipo zifukwa zawo ndimazilemekeza, koma dziko linayankhula.

Pamene tikusokonezeka ndi apa: tikuganiza kuti dongosolo lija linkabwera ndi mantha. Ayi. Mlangizi ankafika m'munda chifukwa analembedwa ntchito, anapatsidwa nyumba ndi njinga, ndipo panali womufunsa lipoti. Msika unkatsegulidwa chifukwa ndalama zogulira mbewu zinkafika nthawi yokolola. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chinkafuna kuti munthu aphedwe ku Thambani. Botswana wakhala ndi zipani zambiri kuyambira ufulu wake mu 1966, ndipo maofesi ake a boma akhala akugwira ntchito. Komanso kugwa kwa zinthu sikunayambe mu 1994. Ndondomeko za IMF ndi World Bank zinalowa kuyambira 1981, ndipo misika ina ya ADMARC inatsekedwa mu 1987, Kamuzu ali pampando.

Zomwe tinaononga tokha nazo tizinene. Ufulu utabwera, ena tinaumva ngati chilolezo chogwetsa mitengo ya m'phiri, chomanga nyumba m'mphepete mwa mtsinje, chobwera kuntchito nthawi yomwe tafuna. Makampani a boma anagulitsidwa, ena pamtengo wozizira, tili chete. Tinazolowera kuvotera nsalu, malaya a chipani ndi kandalama ka pamsonkhano. Namondwe Freddy atapha anthu oposa 1,000 mu Marichi 2023, matope ndi miyala yochokera m'phiri la Soche inagwera pa nyumba zomwe dongosolo labwino silikanalola kuti zimangidwe pamenepo. Mlandu umenewu ndi wa m'badwo wathu, ndi wa atsogoleri omwe tinawasankha tokha.

Koma m'manja mwathu muli chida chomwe makolo athu analibe. Pa 3 Febuluwale 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankho cha pulezidenti, ndipo anapitiriza ntchito yawo. Tachotsapo maboma ndi voti, osakhetsa magazi. Ine ndikulemba izi ndi dzina langa, inu muyankha ndi maina anu, ena monditsutsa, ndipo usiku uno tonse tigona m'nyumba zathu.

Choncho zomwe mukuzisowazo zipempheni ndi maina ake enieni, kwa anthu omwe munawavotera. Phungu wanu kapena khansala akabwera kumudzi, musamulole athere pa kupereka bokosi la maliro. Mufunseni kuti mlangizi wa dera lanu ali kuti, ndipo amayang'anira mabanja angati. Mufunseni amene akudula mitengo ya m'nkhalango ya boma, ndi amene akupereka zilolezo za malole a makala. Mufunseni kuti depoti ya ADMARC ya kwanu itsegulidwa liti, ndipo ndalama zogulira zifika mwezi uti, chifukwa zikafika mu Ogasiti mavenda amakhala atasesa kale chimanga chonse mu Meyi.