Mbatata ikuwola m'nkhuti, tiyeni tifufuze mabakiteriya a m'dothi lathu

Maganizo anga lero ali pa mbatata ya kholowa. Ku Malawi tachita khama kwambiri pa nkhani ya mbewu. Akatswiri a ku malo ofufuzira zaulimi a Bvumbwe pamodzi ndi a bungwe lofufuza za mbatata la International Potato Center anatipatsa mitundu yofiira mkati monga Kadyaubwerere, Chipika, Mathuthu ndi Kaphulira, ndipo ana ambiri akupeza vitamini A. Koma mlimi akakumba mu June kapena July timamusiya yekha. Msika umadzaza, mitengo imagwa, ndipo akati asunge m'nkhuti adzagulitse mu October, amakapeza yambiri yawola.

Chimawoletsa mbatata ndi nkhungu, ndipo zilipo zingapo. Rhizopus stolonifer imafewetsa mbatata n'kukhala phalaphala m'masiku ochepa, pamwamba n'kumera ubweya woyera. Ceratocystis fimbriata imachititsa mawanga akuda olowa mkati, mbatata n'kumawawa ngakhale mutadula powolapo. Lasiodiplodia theobromae imakonda malo otentha, imadetsa mbatata n'kuiumitsa. Zonsezi nthawi zambiri zimalowera pa bala: pamene khasu lakhapa, pamene nankafumbwe waboola, pamene thumba laponyedwa kuchokera pa ngolo. Ndipo chonde, mbatata yowola musapatse ziweto. Ikagwidwa ndi nkhungu zina monga Fusarium imapanga poizoni amene amawononga mapapo a ng'ombe.

Nanga tithire mankhwala? Ine ndikukana. Mbatata timaiwotcha ndi makoko omwe, ana amaidya yosaphika kumunda. Mankhwala opha nkhungu ndi okwera mtengo, komanso nkhungu zimafika powazolowera.

N'chifukwa chake ndikusangalala ndi kafukufuku wa mabakiteriya a m'dothi, amene wambiri akuchitika ku China, dziko lolima mbatata yochuluka kuposa lina lililonse. Mabakiteriya a mtundu wa Bacillus, monga Bacillus subtilis ndi Bacillus velezensis, amatulutsa timadzi totchedwa iturin ndi fengycin timene timaboola khungu la nkhungu. Akapakidwa pa mbatata amakhazikika pa bala n'kudya chakudya chimene nkhungu ikanadya. Enanso a mtundu wa Streptomyces, omwe amachititsa fungo la dothi mvula yoyamba ikagwa, amatulutsa mpweya wolepheretsa nkhungu kukula. Chimene chikundipatsa chiyembekezo pa Bacillus n'chakuti amadzikuta m'chikopa cholimba chopirira kutentha ndi kuuma. Akhoza kukhala ufa m'kapaketi, m'golosale ya pa Nsanje yopanda firiji, osafa.

Wina anena kuti alimi sangakhulupirire tizilombo tosaoneka. Iwalani zimenezo. Alimi a soya ku Mchinji ndi Kasungu amasakaniza kale mbewu ndi inokulanti, amene ndi mabakiteriya amoyo. Aflasafe, yolimbana ndi chuku pa chimanga ndi mtedza, nayo ndi nkhungu yabwino yopitikitsa yoipa.

Koma pali ziwiri zimene ndikufuna zimveke. Mabakiteriya sangapulumutse mbatata yokumbidwa mosasamala. Kusenga kholowa masiku angapo musanakumbe kumakhwimitsa khungu. Mabala amapola mbatata ikakhala masiku 4 mpaka 7 pa malo ofunda, pafupifupi madigiri 29, a chinyezi chochuluka, ndipo yovulala isalowe n'komwe m'nkhuti. Chinanso, zimene zatheka m'chipinda choyesera ku China sizinganene zimene zichitike m'dzenje lothira phulusa ku Phalombe. Ophunzira a ku yunivesite ya zaulimi ya LUANAR ndi akatswiri a ku Bvumbwe atenge dothi la m'minda yathu, apatule mabakiteriya ozolowera kutentha kwathu, awayese pa Kadyaubwerere m'nkhuti yeniyeni komanso mumchenga, atsimikizenso kuti savulaza wodya. Boma ndi mabungwe amene amagawa kholowa chaka ndi chaka apatuleko gawo la ndalamazo lipite ku ntchito imeneyi.