Kapu yapulasitiki si chiphaso chochitira zopusa kuno ku America

Ana anga a ku South Bend, Niles, Columbus, Raleigh ndi konse kumene mwamwazikana muno mu America, tanditcherani khutu. Nkhaniyi ndakhala ndikuimeza kwa nthawi yaitali, koma zimene ndinaona Loweruka lapitali zandikana kukhala chete. Wokwiya akwiye, ine imvi zanditulukira konkuno.

Tinapita kukadya ndi mayi akunyumba m'katauni kena ka ku Michigan, kumene khonsolo inalola kuti munthu agule mowa m'bala kapena m'lesitilanti n'kutuluka nawo, azimwa akuyenda m'misewu ingapo ya pakati pa tauni. Tili pamenepo ndinamva Chichewa chikuphulika tsidya lina la msewu. Mtima unayamba wasangalala, paja kumva chinenero cha kwanu kutali kuno kumakoma ngati nsima ya m'mawa wa Khirisimasi. Nditacheuka, chimwemwe chonse chinathera pomwepo. Anyamata atatu, aliyense kapu m'manja. Mmodzi anasolola kabotolo m'thumba la jekete n'kuthira m'kapu muja, maso uku ndi uku ngati nkhuku yoba mphale. Wina anadutsa chikwangwani cha malire osachiyang'ana n'komwe, ulendo wa koimika magalimoto, makiyi ali lendelende pachala. Ndinamuthamangira ndi mawondo anga owawawa. "Iwe, kapuyo ukupita nayo kuti?" Iye akuseka anati, "Madala, musadandaule, kuno n'zololedwa."

N'zololedwa! Mawu amenewo ndi amene akutha ana athu, ndiye tiyeni tiwasende bwinobwino.

M'madera ambiri a dziko lino, kuyenda pamsewu ndi mowa wotsegula ndi mlandu. Malo ngati New Orleans, Savannah ndi Las Vegas anatchuka kalekale chifukwa ndi ochepa amene ankalola. Boma la Ohio linakhazikitsa lamulo la madera ololedwa kumwera mowa panja, amene amawatcha DORA, mu 2015. Michigan inatsatira mu 2020 ndi ma social district, nthawi ya Covid-19 pamene malesitilanti ankatsekedwa ndipo eni ake ankalira. North Carolina inalola mu 2021, Indiana mu 2023. Mukuganiza kuti aphungu amenewa anakhala pansi chifukwa chomvera chisoni zidakwa? Ayi ndithu. Pakati pa matauni ambiri panali patazizira, anthu akugula zinthu pa intaneti ndi m'masitolo akuluakulu a kunja kwa tauni. Anafuna kuti munthu akagula kapu imodzi azizemberera, aone nsapato pawindo, alowe mogulitsa mabuku, agule keke, ndalama itsale m'tauni. Lamuloli analipangira wamalonda. Iwe womwa anangokubwereka msewu, ndipo chobwereka mwini wake amatha kuchiitanitsa. Ku Michigan khonsolo ili ndi mphamvu yothetsa dera lotere ikaona kuti layamba kusokoneza mtendere ndi chitetezo cha anthu.

Ndipo chilolezocho n'chopapatiza ngati njira ya mbewa. Mowa uyenera kugulidwa kwa wogulitsa wa m'dera lomwelo amene ali ndi laisensi yake. Wochokera kunyumba, wa m'buti ya galimoto, wa m'thumba la jekete, wonsewo ndi woletsedwa ngakhale uuthire m'kapu yokongola bwanji. Kapuyo ndi yapadera, si yagalasi, ndipo ku Michigan ndi ku North Carolina siyenera kupitirira ma ounce 16, kutanthauza kuti sifika n'komwe theka la paketi ya Chibuku. M'maboma awiriwa imakhala ndi chizindikiro cha dera ndi cha amene wakugulitsa, choncho wapolisi akangoiona amadziwa kumene yachokera. Masiku ndi maola amaikidwa ndi khonsolo, ndipo amasiyana tauni ndi tauni. Zimene munachita ku Grand Rapids musaganize kuti zikagwiranso ku Toledo. Ku Ohio sungatenge mowa wa bala ina n'kulowa nawo m'bala inzake. Masitolo osagulitsa mowa amasankha okha, ena amamata chizindikiro pakhomo chokulandira ndi kapu yako, ena amakana. Wakana wakana, si pokanganirana ndi mtsikana wa pakauntala ngati mukutsitsa mtengo wa kaunjika. Ndipo pamene paima chikwangwani cha malire, ufulu wako wathera pomwepo. Phazi limodzi kupitirira apo, kapu yomwe ija yasanduka umboni.

Kodi zimenezi n'zachilendo kwa ife? Ife tinakula tikuona mowa wa masese ukumwedwa pabwalo, anthu atakhala pansi. Mwini mowa ankayamba walawa, chipanda chinkayenda mwa ukulu, ndipo palibe amene ankanyamuka ndi chipanda cha eni ake kupita nacho kumsewu. Woyamba phokoso ankaperekezedwa kwawo, m'mawa akuluakulu n'kumuitana. Malire a pomwera mowa tinali nawo kale azungu asanaganize zosindikiza makapu. Inu mwangowasiya pabwalo la ndege la Kamuzu.

Tsono ndifike pa galimoto, chifukwa apa ndiye pamene pandiwawa kwambiri. Palibe DORA kapena social district imene imafika m'kati mwa galimoto. Mowa wotsegula m'galimoto ndi mlandu pawokha ku Michigan, Ohio, Indiana ndi North Carolina, ngakhale woyendetsa asanaledzere. Mlingo wa mowa m'magazi ukafika 0.08 peresenti wagwidwa, ndipo ku Utah anautsitsa kufika 0.05. Kumwa ukuyenda kumapusitsa. Kamphepo kakukuwomba, ukucheza, ukulowa apa n'kutuluka apo, suwerenga kuti makapu akwana angati. Umadzazindikira utakhala pachiwongolero kuti msewu wayamba kuoneka iwiri. Wapolisi wa kuno salandira ya fanta, ndipo ukayerekeza kumupatsa wawonjezera mlandu wina pamwamba.

Mnzako wobadwira konkuno akagwidwa amalipira chindapusa, amulanda laisensi kwa kanthawi, inshuwalansi imukwerera, koma amagona m'dziko la kwawo. Iwe wa viza ya sukulu kapena ya ntchito nkhani yako ndi ina. Kuyambira 2015, boma la America limatha kufafaniza viza ya munthu chifukwa chongomangidwa pa mlandu woyendetsa galimoto ataledzera, khoti lisanagamule n'komwe. Ambiri sazindikira msanga, amapitiriza sukulu ngati palibe chachitika. Tsiku limene kwagwa zovuta kumudzi, wakwera ndege kukaika bambo ako, pobwerera ndi pamene umauzidwa kuti ukapemphenso viza yatsopano, ndipo ukayambe waonana ndi dokotala wosankhidwa ndi ofesi ya kazembe kuti aone ngati mowa unakulowerera. Ng'ombe zimene makolo anagulitsa, ngongole za ku banki mkhonde zimene mayi ako akubwezabe, zonsezo uziike pa sikelo ndi kapu ya pulasitiki. Paja amati mlendo ndi mame.

Inu akuluakulu pang'ono, amene mumagulira mowa azing'ono anu, nanunso ndili nanu. Kwathu wa zaka 18 amamwa pa Bwandilo kapena pa Kamba popanda womufunsa. Kuno zaka ndi 21, ndipo ku North Carolina anachita kulamula kuti zilembedwe pakapu penipenipo. Mwana wa zaka 19 amene wangofika kumene ku koleji, ngakhale ndevu zili mbwee, pamaso pa lamulo la mowa ndi khanda. Ukamupatsira kapu yako kuti alaweko, nonse awiri mwapalamula. Mumati mukumulandira mlendo, chonsecho mukumukumbira dzenje sabata yake yoyamba.

Zokodza kuseri kwa sitolo sindikufuna n'kutayirapo malovu. Makamera ali ponseponse, ndipo ndinu anthu ophunzira. Zojambulana muli dzandidzandi n'kuponya pa TikTok ndi pa Facebook, dziwani kuti mabwana amaona, ndipo azakhali anu ku Mchinji nawonso foni ali nayo.

Sindikuletsa munthu kumwa, ine ndine yani? Inenso kapu imodzi ndimaigwira, ndipo kukhala panja madzulo a chilimwe, magulu oimba akusangalatsa anthu, ana akudya ayisikilimu, n'kokoma ndithu. Ndikupempha zochepa. Mukafika, yambani mwawerenga chikwangwani, muone malire ndi maola. Musanagule kapu yoyamba gwirizanani amene sakumwa kuti ndiye ayendetse, apo ayi itanani Uber, galimoto igone pomwepo. Mukafika pamalire, bini imakhala pafupi, tayani zotsalazo ngakhale mtima ukuwawa. Ndipo m'nyengo ya chisanu musanyengedwe ndi kutentha kwa mowa m'thupi, chifukwa kuzizira kwa ku Michigan si kwa ku Dedza, munthu wogona panja amadzuka ali mtembo.

Mnyamata uja ndinamulanda makiyi. Anandinena zambiri, zina m'Chingerezi kuti mwina zindipweteke bwino, koma kapu anataya, ndipo mayi akunyumba anawakweza onse atatu kumbuyo mpaka pakhomo pawo. Galimoto anakaitenga Lamulungu masana. Mpaka lero sanandipatse moni. Dzina lake sinditchula pano, koma iwe mwana wanga ukudzidziwa, ndipo nambala ya malume ako ndili nayo.