Nanga Star of Bethlehem mwaisiyiranji?

Akulu, nkhani yanu ya nyimbo za Khirisimasi zopekera mafilimu ndaikonda, koma pa Home Alone ya 1990 paja mwangotchula Somewhere in My Memory basi. Inde ndiyokoma, mpaka inapikisana nawo pa mphoto za mafilimu za Oscar, koma ine yanga yapamtima ndi Star of Bethlehem, anapeka ndi John Williams yemweyo mawu analemba Leslie Bricusse. Imamveka mutchalitchi muja Kevin, kamnyamata ka mufilimuyo, akucheza ndi a Marley, agogo aja ankawaopa, kwaya ikuyimba chapansipansi, mdzukulu wa agogowo ali mukwaya momwemo ndipo iwo angobwera kudzamuonera patali poti anayambana ndi mwana wawo, ine pamenepo misozi imalengeza chaka chilichonse. Ndili wamng'ono ndinkayesa ndi nyimbo yakalekale ya m'buku la tchalitchi, osadziwa kuti anaipekera filimuyo.

Komanso Carol of the Bells mwaiyika pamndandanda ija si ya Williams ayi, iye anangoikonza, mwini wake ndi Mykola Leontovych wa ku Ukraine. Chonde muikonze pamenepo.