Amakaniko a ku Tete, kaoneni momwe anzanu a ku Dedza amagwirira ntchito

Amakaniko a mumzinda wa Tete ku Mozambique ndalama za malasha zinawawononga. Ndikunena ine mwana wa ku Angónia, ndipo sindibweza mawu. Chiyambire kutuluka malasha ochuluka ku migodi yatsopano ya ku Moatize mu 2011, magalaja ambiri anazolowera magalimoto atsopano a makampani, ongomasula chitsulo chakutha n'kumanga china cha m'katoni. Ukafika ndi pikapu yakale, ena sadzuka n'komwe pampando.

Amalume anga a ku Tsangano ali ndi Toyota Hilux LN85 ya dizilo, yokoka ndi matayala akumbuyo okha. Mvula ikalimba, njira zotsikira kuminda ya mbatatesi zimaterera, matayala amangozungulira pamodzimodzi, matumba n'kumadikira ngolo. Ndiye anati tikafunse zoisintha kuti izikoka ndi matayala onse anayi. Tinatsika mpaka ku Tete, kutentha konse kuja. Woyamba anati, "Patrão, gulitsani mugule ina," maso ali pa foni. Wachiwiri ndiye anandipsetsa mtima kwambiri: anatchula mtengo wa mametikali osayang'ana n'komwe kunsi kwa galimoto, amvekere angoikamo difu (bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala awiri) kutsogolo basi yatheka. Kungoikamo!

Sabata yatha tinawoloka malire pa Calomue kulowa ku Dedza. Kumeneko tinapeza mdala wina wa galaja ya pamtetete, ovolosi yong'ambika pabondo. Asanatchule kwacha ngakhale imodzi anayala katoni pansi, nalowa chagada, nakhalako nthawi. Potuluka anati, "Akuluakulu, bwerani muone nokha." Anationetsa kuti kutsogolo kwa LN85 tayala lililonse limayenda palokha, pomwe Hilux LN106 ya 4x4 ili ndi ekiselo yathunthu yogona pa masipuling'i aatali, ndipo chassis yathu ilibe pomangirira masipuling'i amenewo. Anawerenga mabawuti a tayala: athu ndi asanu, a 4x4 ndi asanu ndi limodzi, kutanthauza kuti ekiselo yakumbuyo ndi malimu nazonso zisinthidwe. Giyabokosi ichoke, pabwere ya transfer case kumbuyo kwake, bokosi logawira mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Propshaft (chitsulo chachitali chozungulira chopititsa mphamvu ku difu) yakutsogolo ipezeke, yakumbuyo isinthidwe utali, zitsulo za chiwongolero zikhale zina, pansi pa kabini pabowoledwe kuti patulukire kagiya kachiwiri.

Chomwe chinandigwira mtima ndi cha difu. Anakweza galimoto pa jeke, nalemba choko pa tayala ndi pa propshaft, nayamba kuzungulitsa tayala pang'onopang'ono uku akuwerenga. Anati ma Hilux akale ali ndi madifu osiyanasiyana, ena 4.10, ena 4.56, ena 4.88 (manambala onena kuti propshaft imazungulira kangati matayala akazungulira kamodzi), ndipo wakutsogolo ndi wakumbuyo akapanda kufanana zili ngati kumanga pagoli limodzi ng'ombe yothamanga ndi yaulesi: zimakokana mpaka mano a transfer case atathyoka. Wa ku Tete uja, amene amati angoikamo difu, akanawerenga zimenezi? Amalume akanalipira ndalama za mbatatesi za chaka chonse, galimoto n'kukafera paphiri.

Mdalayo sanafune kutidyera. Anati kugula zitsulo chimodzichimodzi kutimaliza, bola tipeze LN106 yakugwa pangozi kapena yakufa injini koma kunsi kuli bwino, zonse zichokere pagalimoto imodzi, kabini ndi injini zathu zisamukire pa chassis yake. Kupanda apo, tigule matayala a mano akuluakulu, tiziika katundu wolemera pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, ndalama zotsalazo tisunge. Pa zonsezi anangopempha ya sopo.

Sikuti ku Malawi zonse n'zabwino ayi. Ndaonako ma chassis owotchereredwa kumeneko moti sungakweze mwana wako, chitsulo chongomata pamwamba n'kupaka penti yakuda. Zitsulo zatsopano n'zodula chifukwa cha vuto la ndalama zakunja, ndipo mafuta akasowa anzathuwo amadzagula kuno kwathu ndi zigubu. Pa zipangizo, Tete ili patsogolo: makina osulira ndi owotcherera abwino alipo, katundu wochokera ku Beira ndi ku Joni amafika. N'chifukwa chake zikundiwawa. Zida tili nazo ife, koma mtima woleza pagalimoto ya mlimi uli kutsidya kwa malire. Anzathu umphawi unawaphunzitsa kusataya chitsulo, pomwe athu anaphunzira kuitanitsa. A ku Chipata ndi Katete nawo amayesetsa, a ku Zimbabwe odutsa malire pa Cuchamano amadziwa Land Cruiser ngati chikhatho chawo, koma amenewo ndi akutali kwa ife a ku Ulónguè, ku Angónia.

Chinthu chimodzi mdala wa ku Dedza sangatithandize nacho ndi mapepala. Galimoto ndi ya nambala ya Mozambique, livrete (buku la galimoto) imanena nambala ya chassis, ndiye kabini ndi injini zikasamukira pa chassis ina, nkhaniyo iyenera kukafika ku INATRO, bungwe la boma loona za magalimoto, galimoto isanayende pa msewu wa N7 kapena kukayesedwa. Amalume asankha njira yofuna LN106 yakufa ya mapepala ake enieni. Amene akudziwa komwe yagona, kaya ku Furancungo, ku Zóbuè kapena ku Moatize, atiuze mvula isanagwe.