Kwa inu amene mwachotsa ana kusukulu n'kumati mukuwaphunzitsa pakhomo

Ndine munthu wamkulu, ndipo fumbi la choko linandiyeretsa tsitsi imvi zisanafike. Ndinapuma ntchito yauphunzitsi kalekale, tsopano ndimangokhala pakhonde kwathu kuno ku Machinjiri kuonerera odutsa. Zimene ndikuona pakhondepo n'zimene zandilembetsa mawu awa. Amene akwiye akwiye, wakutsina khutu ndi mnansi.

Sabata yathayi magalasi anga anasowa. Ndinaitana kamtsikana ka m'dera lathu lomwe lino, ka zaka ngati khumi ndi chimodzi, kuti kandiwerengere zimene analemba pa kathumba ka mankhwala anga. Mawu ake anali ochepa, a Chichewa, olembedwa ndi dzanja looneka bwino. Mwanayo anagwira kathumbako, nakatembenuza, nakatembenuzanso, kenako n'kuyamba kuseka kwa manyazi. Ndinamufunsa kuti ali Sitandade chani. Anayankha kuti, "Agogo, ine sindipita kusukulu, amayi amandiphunzitsa kunyumba." Ndinafunsa kuti dzulo anaphunzira chiyani. Anayang'ana pansi. Ndinafunsa za dzana. Anati ankalera mwana chifukwa amayi anapita kukaoda kaunjika ku Limbe.

Amayi akewo ndimawadziwa, ndipo dzina lawo sindilitchula. Si anthu oipa. Koma ndikuuzeni inu amayi, ndi nonse ochita zofanana ndi zimenezi ku Ndirande, ku Bangwe, ku Chirimba ngakhale kumipanda ya ku Namiwawa ndi ku Nyambadwe: kusunga mwana pakhomo si kumuphunzitsa. Mwapeza wolera khanda waulere, mwapeza wogulitsa mandasi ndi wotunga madzi, ndiye mwaveka zimenezo dzina lokongola kuti anthu asakufunseni.

Ndikudziwa kumene khalidweli linachokera. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ana anakhala pakhomo miyezi yoposa isanu, maphunziro ena n'kumaulutsidwa pa wailesi. Kumayambiriro kwa 2023 kolera inachedwetsa kutsegulira sukulu muno mu Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo tisanapume n'komwe, mu Malichi chaka chomwecho namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kukokolola anthu ku Chilobwe, makalasi ambiri n'kusanduka malo ogona anthu othawa madzi. M'nyengo zimenezo makolo ena anazolowera kuona ana pakhomo. Sukulu zitatsegulidwa, ana a anzawo anabwerera, awo ayi. Poyamba ankati tidikire zinthu zikhazikike. Kenako anamva kuti kunja kuli azungu ophunzitsa ana awo okha, basi chifukwa chapezeka.

Madandaulo anu ndimawamva, ndipo ena ndi oona. Ine ndemwe ndinaphunzitsapo kalasi ya ana opitirira zana limodzi, ena atakhala pansi, buku limodzi ana asanu. Ndikudziwa kuti kuli aphunzitsi ofika mochedwa, kuli zimbudzi zoti munthu sungalowemo, kuli anyamata ovutitsa atsikana panjira. Sukulu zolipira nazo fizi yake ikukwera teremu iliyonse. Sindikukana. Kholo limene laona zonsezi n'kunena kuti mwana wanga ndimuphunzitsa ndekha, n'kukhaladi naye pansi m'mawa uliwonse ndi mabuku, ndilibe nalo mlandu. Banja limodzi lotere ndinaliona ndi maso angawa. Mayi wake anasiya ntchito, anali ndi ndandanda ya maphunziro pakhoma, makope ochongedwa ndi cholembera chofiira, ndipo teremu ikatha ankapempha mphunzitsi wina kuti adzawayese anawo. Ntchito imene ija inali yolemera kuposa imene ine ndinkalandirira malipiro. Ndiye inu amene mumadzuka 5 koloko kupita kumsika n'kubwera dzuwa litalowa, mumaphunzitsa nthawi yanji?

A kumipanda musaganize kuti ndakuiwalani. Inu mwagulira mwana tabuleti, mwalipira intaneti ya mwezi wonse, mwamusiya ndi mtsikana wantchito amene iyenso sukulu anaisiyira Sitandade 5, inu n'kukwera galimoto kupita ku ofesi. Madzulo mukamva mwana akulankhula Chingerezi cha m'mphuno chotola pa YouTube, mumasangalala kuti maphunziro akuyenda. Mpatseni pensulo alembe ndime imodzi. Mpatseni samu yogawa ya manambala atatu. Kulankhula ngati wa pa kanema ngakhale chinkhwe chimatha.

Palinso ena amene mwatsekera ana chifukwa cha mapemphero, mukuti sukulu ndi za dziko, zidetsa mwana. Chikhulupiriro chanu sindikuchinyoza. Koma kumbukirani kuti mzinda uno unayamba ndi mishoni ya mpingo wa ku Scotland mu 1876, ndipo anthu amenewo pomanga tchalitchi anamanganso sukulu, sukulu ya HHI (Henry Henderson Institute) ilipo mpaka lero. John Chilembwe atabwerako ku America anakatsegula Providence Industrial Mission ku Chiradzulu mu 1900, ndipo nayenso anaika ana m'kalasi. Baibulo limene mukuti mukuliteteza ndi buku. Mwana wosadziwa kuwerenga adzalitsegula bwanji? Adzangomva zimene wina wamuuza kuti zalembedwamo, ndipo wina ameneyo akadzanama sadzadziwa.

Tsopano za malamulo, chifukwa ambiri mumayankha kuti "mwana ndi wanga, boma lisandilowerere." Mwana ndi wanu, inde, koma si mbuzi yanu. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, mu gawo 25, amati munthu aliyense ali ndi ufulu wa maphunziro. Ufulu umenewo mwini wake ndi mwanayo, inu ndinu ongousunga. Gawo 23 limateteza ana ku ntchito kapena mchitidwe uliwonse wosokoneza maphunziro awo, ndipo chiyambire kusintha kwa 2017, mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la maphunziro la 2013 limanena kuti maphunziro a pulayimale m'sukulu za boma ndi aulere ndiponso okakamiza kwa mwana aliyense wosafika zaka 18. Palinso lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana, limene limaika pa kholo udindo woteteza mwana kuti asanyanyalidwe, ndipo limapereka mphamvu kwa alangizi a zachisamaliro cha anthu, apolisi ndi khoti la ana kulowererapo mwana akapezeka kuti akusowa chisamaliro. Khoti la ana lilipo muno mu Blantyre. Kuti simunaonepo mnansi wanu ataitanidwa kumeneko sizikutanthauza kuti lamulo linafa.

Ndipo azungu amene mukuwatsanzirawo sachita mwachisawawa ayi. Ku South Africa, kumene ana athu ambiri ali pa ganyu, kholo lofuna kuphunzitsa mwana pakhomo liyenera kumulembetsa ku ofesi ya maphunziro ya chigawo chake. Ku England akuluakulu a boma la dera akaona kuti mwana sakuphunzira mokwanira pakhomo, amatha kulamula kholo kuti limupititse kusukulu. Ku Germany n'koletsedwa kumene, mwana aliyense amayenera kupita kusukulu. Inu mwatengako dzina lokha, kuyang'aniridwa kwakeko mwakusiya komweko.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti vutoli silioneka msanga. Mwana wanjala amaonda, aliyense amaona. Mwana womenyedwa amakhala ndi zipsera. Koma mwana womanidwa maphunziro amanenepa bwinobwino, amavala zoyera, amapereka moni mwaulemu, ndipo palibe amene amadziwa kanthu kufikira tsiku limene agogo ena ataya magalasi. Kusukulu, ngakhale yodzaza chotani, kuli kaundula woitana mayina m'mawa uliwonse. Mwana akajomba masiku angapo mphunzitsi amafunsa anzake. Akabwera ndi bala, kapena mtsikana akayamba kukhala duu pakona, pali maso ena amene amaona. Mwana wotsekeredwa kumpanda alibe maso amenewo, ndipo ena mwa otsekera anawa ali ndi zimene akubisa. Ndanena, ndipo sindibweza.

M'mera mpoyamba. Mwana amayenera kuyamba Sitandade 1 ali ndi zaka 6, ndipo zaka zoyambirirazo n'zimene amagwira zilembo ndi maphatikizo. Akafika zaka 12 asanazigwire, mukamubweza kusukulu amakakhala pakati pa tiana tomufika m'chiuno, tikumuseka, ndipo ambiri otere satha teremu. Ndawaona ochuluka. Kutsogoloku kuli mayeso a MANEB a Sitandade 8, amene ndiwo khomo lolowera ku sekondale ya boma. Mwaganizapo kuti mwana wanuyo adzalembera kuti, ndipo dzina lake adzalitumiza ndani ku likulu la MANEB ku Zomba? Silabasi imene akonza a ku Domasi munaionapo n'komwe? Mu 1994, a Bakili Muluzi atachotsa fizi ku pulayimale, ana olembetsa anachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Ndinalipo, tinkaphunzitsira pansi pa mitengo. Makolo osadziwa kulemba dzina lawo ankabwera atagwira ana padzanja, ena opanda nsapato, kuti mwana wanga yekhayu asadzadinde chala ngati ine. Lero mdzukulu wa anthu amenewo akubwezedwa ku chidindo cha chala ndi kholo loti lili ndi satifiketi ya Fomu 4 m'sutikesi.

Ngati mukunenetsa kuti mumaphunzitsadi, sonyezani. Tulutsani makope a mwezi wathawu okhala ndi madeti. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi kapena kwa mlangizi wa sukulu za pulayimale (PEA) ku malo ophunzitsirako aphunzitsi (TDC) a dera lanu, mukafotokoze zimene mukuchita, mukapemphe kuti mwana ayesedwe pamodzi ndi anzake a msinkhu wake. Wophunzitsa moona sachita mantha ndi zimenezi. Amene amakwiya akafunsidwa ndi amene alibe choonetsa.

Inunso anansi, a mabuloko, akuluampingo ndi amayi a m'magulu osamalira ana kusukulu, lekani kunena kuti za pakhomo pa eni sitilowerera. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mukaona mwana wa msinkhu wa sukulu ali pakhomo 9 koloko m'mawa tsiku ndi tsiku, yambani mwalankhula ndi makolo ake mwaulemu. Akakana kumva, kuli ofesi ya zachisamaliro cha anthu ya boma, kuli nthambi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo kuli nambala yaulere ya 116 yothandiza ana.

Kamtsikana kaja ndakauza kuti kazibwera pakhonde panga 4 koloko madzulo, ndafukula mabuku anga akale a Sitandade 1 m'katoni. Dzulo tinafika pa ba, be, bi, bo, bu, ndipo mutu wake ndi wakuthwa zedi, n'zimene zikundipweteka kwambiri. Koma khonde langa si sukulu, ndipo ine ndatsala ndi masiku owerengeka. Amayi ake, Lolemba m'mawa ndidzagogoda pakhomo panu nditavala jekete, tidzapite limodzi kwa ahedi. Mukadzanditsekera chitseko, ndidzapita ndekha ku ofesi ndatchula ija.